Medson Kanjedza ndi Ndege Zolondera Malire

A Medson Kanjedza sanali munthu woyankhula pagulu. Tikasonkhana Loweruka m'chipinda chapansi pa tchalitchi ku Scarborough, ife Amalawi ochepa amene tinali ku Toronto zaka zimenezo pamodzi ndi anzathu a ku Zambia, iwo ankakhala pafupi ndi khomo, chikhoti chili pamiyendo. Ukawafunsa za ntchito ankangoti, "Ndimawerengera azungu masamu," n'kuseka pang'ono. Ine ndinkagwira ntchito ya unamwino ndi akazi awo, a Zelipa, pachipatala china pakati pa mzinda. Zimene ndikusimbazi ndinazimva kwa awiriwo, zina pa nthawi yomweyo, zina patapita zaka.

Kwawo kunali ku Dedza, cha ku Lobi, kumene munthu ukapita kotola nkhuni umapezeka uli ku Mozambique osadziwa. Anabwera ku Canada mu 1969 kudzaphunzira masamu, ali ndi maganizo odzabwerera kukaphunzitsa. Koma ali pafupi kumaliza, mng'ono wawo Overtone, mphunzitsi wa pulayimale, anatengedwa ndi galimoto ya apolisi pasukulu ana akuona. Mlandu wake palibe anaunena. Ena ankati anayankhula mosasamala pamowa, ena ankati anagoneka m'nyumba mwake anthu amene ankathawira kutsidya. A Medson atamva, anasiya zokonzekera ulendo. Anavutika mpaka a Zelipa ndi mwana wawo Grace anawapeza kuno, ndipo kumudzi kunatsala mayi awo okalamba ndi Overtone m'ndende.

Atalandira unzika wa Canada, anapeza ntchito pa kakampani kena ku Mississauga, pakati pa nyumba zosungiramo katundu pafupi ndi bwalo la ndege. Pakhomo pake panalibe ngakhale chikwangwani. Kampaniyo inkapatsidwa ntchito ndi asilikali. Canada yazunguliridwa ndi nyanja mbali zitatu, ndipo ndege zankhondo zolondera nyanjazo zinali zochepa. Funso limene a Medson ankalimbana nalo linali lakuti ndegezo zizikhala pa mabwalo ati, zizinyamuka liti, ndiponso zizidzera kuti, kuti sitima yachilendo, makamaka zija zoyenda pansi pa madzi, isadutse osaonedwa.

Funsolo likumveka lapafupi koma linali lozunguza mutu. Ndege ikamakhala kutali ndi kumene ikulondera, mafuta amathera panjira. Ukaisendeza pafupi, umapeza kuti bwalo la kumeneko limakutidwa ndi nkhungu miyezi yambiri. Ukamaitumiza nthawi yofanana tsiku lililonse, mdani amaloweza n'kumadutsa iyo ikangotembenuka. Choncho a Medson ankagawa mapu a nyanja m'timabokosi ngati maenje a bawo, ndipo kabokosi kalikonse ankakapatsa nambala yosonyeza mwayi woti sitima ingadzerepo. Kenako ankalemba zonse zomanga manja, monga mafuta, nyengo, kutopa kwa oyendetsa ndi ndege zimene zili kokonzedwa, pa makadi obowolabowola. Makadiwo ankalowa mu kompyuta yodzaza chipinda chonse, imene inkayesa makhazikidwe ambirimbiri mpaka kupeza amene akusiya mipata yochepa.

A Zelipa atawafunsa tsiku lina kuti kwenikweni amachita chiyani tsiku lonse, anayankha kuti, "Mukukumbukira munda wa malume anu m'munsi mwa phiri? Munda waukulu, anyani ochenjera, olondera atatu okha. Nsanja muimika pati? Ntchito yanga ndi imeneyo. Zina zonse sandilola kunena."

Ntchitoyo ankaikonda. Bwana wawo, mayi wachizungu dzina lake Hilda, wosuta fodya kuyambira m'mawa, ankawakhulupirira. Tsiku loyamba anawauza lamulo limodzi: munthu aliyense wa dziko lina akadzafunsa za ntchitoyi, adzanene tsiku lomwelo. A Medson anavomera mosavuta. Ankaganiza kuti akunena za anthu a ku Russia.

Chakumapeto kwa 1976, masamba atayoyoka m'mitengo, kunabwera bambo wina pamsonkhano wathu wa Loweruka. Anati dzina lake ndi Ambrose, ndipo wabwera kudzachita kosi ya miyezi ingapo ya kayendetsedwe ka maofesi. Anali wonenepa bwino, wansangala, wa mawu okoma poimba. Anabweretsa usipa wouma ndi masamba a tiyi a ku Thyolo, n'kugawira aliyense. Masiku amenewo mlendo wochokera kumudzi tinkamulandira ndi manja awiri koma pakamwa tili tseke, chifukwa tinkadziwa kuti mawu oyankhulidwa ku Toronto amatha kukafika ku Zomba iwe usanafike kunyumba kwako. Komabe usipawo tinalandira.

Titamaliza mapemphero, a Ambrose anapita kukakhala pafupi ndi khomo.

"Inu ndiye a Kanjedza a ku Lobi aja?"

"Ndine ndemwe."

"Mayi anu ndinawaona mwezi wathawu. Mwendo uja ukuwavutabe, koma akuyenda ndi ndodo. Denga la kukhitchini ndiye lagwa, lifunika amuna."

A Medson anathokoza. Koma a Zelipa akuti m'basi pobwerera amuna awo ankangobwereza mawu a mlendoyo. Za mwendo wa mayi awo anali asanamvepo. Munthu wa kosi ya maofesi ankakatani ku Lobi?

Sabata yotsatira, nthawi ya nkhomaliro, a Medson analowa m'kalesitilanti kamene ankadyako pafupi ndi ntchito. Palibe Mmalawi ngakhale mmodzi amene ankadziwa malo amene ankagwira ntchito, ngakhale ine. Anapeza a Ambrose atakhala patebulo la pakona, makapu awiri a khofi ali kale patebulo.

"Khalani, achimwene. Khofi wanu angazizire."

A Medson anakhala pansi.

"Ine sindichedwa," anatero a Ambrose. "Kumudzi akuluakulu ena akudandaula. Malire athu ali ngati dengu lakutha. Anthu akutuluka mmene afunira, ena akulowa ndi zinthu zosayenera. Ndiye akuti kubwera tindege tiwiri tating'ono toyang'ana pansi. Tiwiri tokha, achimwene, malire onse aja. Anthu atakhala pansi anati, kodi tikuvutikiranji? Tili naye mwana wathu ku Canada amene ntchito yake ndi yomweyi."

"Ine ndimawerengera za nyanja."

"Kwa munthu wamasamu, nyanja ndi thengo zisiyana pati? Zinsinsi za azungu anuwa sitikuzifuna ayi, zisungeni. Tikungopempha mutu wanu. Tindege tiwiri, tizikhala kuti, tiziuluka liti. Njira za kumeneko inu mumazidziwa kuposa mapu."

Ndege yaikulu inadutsa pamwamba, mawindo n'kumanjenjemera. A Ambrose anadikira kuti phokoso lithe.

"Overtone akutsokomola kwambiri masiku ano. Kumene aliko n'kozizira, simenti yokhayokha. Munthu akathandiza dziko, achimwene, dziko limakumbuka abale ake. Ganizani bwino. Ine ndilipo mpaka Khirisimasi."

Anaimirira, navala chipewa, nawagwira paphewa ngati mbale wawo weniweni.

Tsiku limenelo a Medson sananene kanthu kwa Hilda. Mawa lakenso ayi. Ankaopa kuti akanena, uthenga ukafika kumudzi ndipo Overtone sadzatulukanso. Ankaopanso kuti akapanda kunena, azungu adzadziwa okha n'kuwatenga ngati kazitape. Koma chimene chinawaopsa kuposa zonsezi, anandiuza okha patapita zaka, chinali mutu wawo womwe. Sanalembe kalikonse, sanatsegule mapu, koma masamuwo anayamba kudziwerengera okha. Ali m'basi yopita kuntchito ankangoona malire a Dedza ndi Ntcheu atagawika m'timabokosi. Ankadziwa kuti wothawa ndi ana sakwera phiri, amatsata dambo. Ankadziwa kuti ambiri amawoloka tsiku la msika, atasakanikirana ndi ogulitsa mbatata. Ankadziwa kuti udzu ukapsa mu Seputembala munthu amaonekera patali, pamene nthawi ya dzinja chimanga chimamubisa. Kandege kamodzi apa, kena apo, masiku osinthasintha kuti anthu asaloweze. Sabata isanathe yankho linali litakhala m'mutu mwawo lathunthu, ndipo linali labwino.

Anasiya kudya. Kawiri konse anapitirira posikira basi mpaka kumapeto kwa msewu. Kuntchito analakwitsa makadi, kompyuta n'kutulutsa zopanda mutu, zimene zinali zisanawachitikirepo. Hilda anawayang'ana kupyola mu utsi wa fodya wake n'kufunsa ngati kunyumba kuli bwino. Iwo anati ndi chimfine.

Lamulungu masana, Grace ali kwa anzake, anawaululira a Zelipa zonse. Anali pafulati yawo m'mwamba mwa nyumba yosanja, sinowo yoyamba ikugwa kunja.

"Bwanji osangowapatsa zabodza, bambo a Grace?" anafunsa a Zelipa. "Muwauze aike ndegezo kumene kulibe anthu."

"Kulibe anthu kuti? Ndikatseka dambo, ndapha a kudambo. Ndikanama n'kuwalozera kuphiri, ndapha amene anaopa dambo n'kudzera kuphiri. Paliponse pamene ndingaike ndege, pansi pake pali munthu."

"Nanga alamu anga?"

"Ndi zimene zikundidya. Overtone anamangidwa mwina chifukwa chogoneka anthu othawa. Ndiye ine ndimutulutse pogulitsa anthu omwewo? Adzandiyang'ana bwanji?"

"Akadzakhala moyo adzakuyang'anani. Akafa sadzakuyang'anani n'komwe."

A Zelipa akuti mawuwo anawatuluka okha, ndipo atawanena anapita kubafa kukalira.

Masabata anapita. A Ambrose ankabwerabe kutchalitchi, kuimba ndi kuseka ndi aliyense. Akakumana ndi a Medson pakhomo ankangoti, "Homuweki ija, achimwene," anthu n'kumaseka osadziwa chimene akuseka. Foni ya kunyumba ikalira, a Medson ankaiyang'ana mpaka isiye. Galimoto ikaima nthawi yaitali pansi pa nyumba yawo, ankaima kuseri kwa katani. Anayamba kusintha mabasi popanda chifukwa, lero njira iyi, mawa ina, monga momwe ankasinthira maulendo a ndege zawo.

Loweruka lina chakumasana, a Medson atapita kokagula zinthu, belu la pakhomo linalira. A Zelipa anatsegula poganiza kuti ndine, chifukwa tinapangana kuti ndidzawaluka tsitsi. Anali a Ambrose, atanyamula kabokosi ka masiwiti.

"Alamu, ndimadutsa ndiye ndati ndione kumene mumakhala."

Mlendo sabwezedwa pakhomo. Anamulowetsa, namuikira tiyi. A Ambrose anayamikira fulatiyo, anaima pawindo n'kunena kuti m'mwamba muno n'mochititsa chizungulire. Kenako anaitana Grace, amene anali ndi zaka zisanu ndi zitatu, n'kumupatsa masiwiti. Anamufunsa m'Chichewa, mwanayo n'kumayankha m'Chingerezi, dzina la sukulu yake, dzina la aphunzitsi ake, ndiponso ngati amapita yekha kapena amaperekezedwa. Atamva zonse anatembenukira kwa a Zelipa.

"Bambo anu ku Ntcheu akadali ndi golosale ija pamsewu? Layisensi masiku ano ikuvuta, alamu. Ena akulandidwa popanda chifukwa."

Ine ndinafika a Ambrose akutuluka mu chikepe chokwerera m'mwamba. Anandipatsa moni mwaulemu. Nditalowa ndinapeza a Zelipa atataya masiwiti onse m'bini, Grace akulira, iwo ataima pakati pa chipinda ngati munthu woumitsidwa ndi mphenzi. Tsitsi sitinaluke. A Medson atabwera, akazi awo sanadikire n'komwe kuti ine ndichoke.

"Ambrose uja anabwera muno, wafunsa sukulu ya mwana. Mwamva? Lolemba mukalipote. Mukapanda kupita inu, ndipita ndine."

Lolemba m'mawa a Medson anagogoda pa ofesi ya Hilda. Mayiyo anamvetsera mpaka kumapeto, fodya akuzima yekha m'dzanja. Kenako anafunsa funso limodzi: zinayamba liti? Atamva kuti papita mwezi ndi kuposa, anatseka maso.

"Medson, ukanabwera tsiku lomwelo ndikanatha kukuteteza."

Masana omwewo kunabwera amuna awiri a zachitetezo ovala masuti. Anawatengera a Medson m'chipinda chopanda windo. Sanawakalipire, ndipo anawapatsa madzi akumwa. Koma mafunso anali omwewo mobwerezabwereza, tsiku limenelo ndi masiku ena otsatira. Munamuuza chiyani? Munalemba chiyani? Anadziwa bwanji kumene mumagwira ntchito? N'chifukwa chiyani munakhala chete? A Medson anayesa kufotokoza za Overtone, za mayi awo, za mmene zinthu zimayendera kwathu. Mmodzi wa amunawo anafunsa ngati banja linalembera loya za kumangidwa kwa mng'ono wawoyo.

Anafunsidwanso ngati yankho la ndege ziwirizo analipeza. Akanatha kukana, chifukwa panalibe pepala lililonse. Koma anati, "Ndinalipeza. Lili m'mutu." Wofunsayo analemba zimenezo, ndipo a Medson anaona kuti cholembera chake chinakhala nthawi yaitali papepala.

Anawauza kuti akhale kunyumba mpaka nkhaniyo itafufuzidwa. Khirisimasi ya chaka chimenecho anaidya akudikira kugogoda pakhomo. Ngakhale anali nzika, ankakhulupirira kuti pepala limene boma lapereka, boma lomwelo lingalande, ndipo ankadziona akutsika ndege ku Chileka, galimoto ikuwadikira. Anafika polongedza kachikwama ka zovala zotentha n'kukaika pansi pa bedi.

Amuna a masuti aja anayenderanso ena a ife. Kwa ine anabwera kuchipatala, anamwino anzanga akuona. Anafunsa za a Ambrose, koma a Ambrose anali atazimiririka. Kukoleji imene ankati akuphunzirako dzina lawo kunalibe. Chipinda chimene ankachita lendi anachisiya chosesa bwino. Kuyambira pamenepo msonkhano wathu wa Loweruka unazilala. Anthu anakwiyira a Medson kuti atibweretsera apolisi, ndipo tsopano mayina athu alembedwa mbali zonse ziwiri. Ena akawaona pa siteshoni ya sitima ankayang'ana kumbali. Mayi wina amene anali mnzake wapamtima wa a Zelipa anawauza maso ndi maso kuti, "Ifenso tili ndi abale kumudzi, mukanaganizako." Sindingamunene kuti analakwa. Tonse tinkagona ndi mantha omwewo.

Chakumayambiriro kwa 1977 yankho linabwera. Sanawapeze ndi mlandu uliwonse. Koma chilolezo chogwira ntchito zachinsinsi anawalanda, ati chifukwa munthu amene ali ndi abale ofinyika mosavuta naye ndi wofinyika mosavuta. Hilda anawabweretsera yekha kunyumba mabuku awo ndi kapu yawo ya tiyi. Anakhala pang'ono, osavula chikhoti, n'kunena kuti makhazikidwe amene a Medson anawerengera ndi amene kampani idzapereke kwa asilikali, koma dzina lawo silidzalembedwapo. Anawapezeranso ntchito kwa mnzake wina, pa kampani yogawa zakudya m'masitolo, yowerengera kuti malole azinyamukira kuti ndi kudzera misewu iti. Anaigwira mpaka kupuma, ndipo sanaidandaule pagulu.

Za kumudzi ndiye zinali mdima. Miyezi inadutsa osamva kanthu. Kenako anamva kuti golosale ya bambo a Zelipa yatsekedwa, koma chaka chimenecho magolosale ambiri anatsekedwa, ndiye palibe akanadziwa chifukwa chake. Ngati tindege tija tinabweradi, ngati a Ambrose anatumidwadi ndi akuluakulu kapena ankangofuna kukagulitsa nzeru za mnzawo kuti akwezedwe, a Medson sanadziwe mpaka kumwalira kwawo. Kusadziwako kunawakalambitsa msanga. Munthu aliyense wochokera kumudzi ankamufunsa mozungulira, "Kumalire kuja kukuuluka zinthu masiku ano?" Ena ankati eya, ena ankati sanaonepo.

Mayi awo anamwalira mu 1978. Uthenga unafika maliro ataikidwa kale. Tinakhala nawo pafulati, anthu osakwana khumi, tikuimba motsitsa mawu kuopa oyandikana nawo. Ena mwa amene anawathawa aja anabwera, anakhala pang'ono n'kumapita. A Medson sanalire. Anangonena kuti denga la kukhitchini lija sakudziwa ngati linakonzedwa.

Chaka chotsatira, m'mwezi wa Januwale, kalata yaifupi inabwera kuchokera kwa msuweni wawo wa ku Lilongwe, yonena kuti Lamulungu lakutilakuti aimbe foni kunyumba ya abwana ake. Sanafotokoze chifukwa. A Medson anaganiza kuti ndi maliro ena. Tsikulo litafika anavala jekete ngati akupita kutchalitchi, nakhala pafupi ndi foni mpaka opareta anawalumikiza. Ine ndinalipo, a Zelipa anandipempha kuti ndibwere.

Mawu a mbali inayo sitinkawamva. Tinangoona a Medson akuimirira pang'onopang'ono, dzanja lina litagwira khoma.

"Overtone? Ndiwe?"

Anamvetsera. Onse awiri ankadziwa kuti foni yochokera kunja simvedwa ndi anthu awiri okha, choncho panalibe wofunsa kuti watuluka liti, anakutani, kapena wakutulutsa ndani.

"Eya. Eya. Chifuwacho upite nacho kuchipatala cha mishoni. Kuno tonse tili bwino, Grace wakula." Anamvetseranso. "Yagwa bwino? Chafika pati? Aa, ndiye chaka chino mudya."

Foni inaduka yokha. Iwo anaigwirabe kukhutu kwa kanthawi, kenako anaibwezera pamalo pake mosamala.

"Akuti bwanji alamu?" anafunsa a Zelipa.

"Akuti mvula yagwa bwino. Chimanga chili m'chiuno."

Anakhala pansi, navula magalasi, n'kuyamba kulira ngati mwana. A Zelipa anandiyang'ana, ine ndinatenga Grace n'kupita naye kukhitchini kukatereka madzi a tiyi.